Banja Linatha: Kodi Mungamangenso Ukwati M'tchalitchi?

Takulandiraninso, abale ndi alongo. Funso la lero anthu ambiri amalisunga mumtima zaka ndi zaka osafunsa: banja linatha, khothi linapereka chisudzulo, tsopano mwapeza wina woti mukhale naye. Kodi mungaimenso kuguwa? Khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza lina limene latsekera anthu ambiri panja, ndipo lero ndikufuna tiligwetse.

Tithamange kaye pa zoyambira. Mipingo yonse imawerenga Marko 10:9, pamene Yesu ananena kuti chimene Mulungu wamanga munthu asalekanitse. Koma kamvedwe kake nkosiyana. Mipingo yambiri ya Chipulotesitanti imalola ukwati wina ngati woyamba unatha chifukwa cha chigololo, potsatira Mateyu 19:9, kapena ngati mnzako anakuthawa, potsatira 1 Akorinto 7:15. A Orthodox amalola ukwati wachiwiri, ngakhale wachitatu, koma mwambo wake umakhala ndi mapemphero olapa, ndipo wachinayi salola. Church of England, mpingo wa Anglican wa ku England, inavomereza mu 2002 kuti wosudzulidwa angathe kukwatiranso m'tchalitchi ngati wansembe wakhutira. Nchifukwa chake Meghan Markle, amene banja lake loyamba linatha, anamanga ukwati ndi Kalonga Harry wa ku Britain ku St George's Chapel, tchalitchi cha mpingowu, mu 2018.

Mpingo wa Katolika ndiye pamene pali nkhani. Kumeneko ukwati wa anthu obatizidwa umene unamangidwa moyenera, awiriwo nakhalira pamodzi monga banja, umatha ndi imfa yokha. Pepala la kukhothi silimasula. Njira imene ilipo ndi ya annulment: bwalo la mpingo limafufuza ngati pa tsiku laukwati lija panali chimene chinalepheretsa kuti ukwati weniweni umangike.

Tisanapitirire, ngati zikukuthandizani, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena amene akuifuna.

Bodza lija ndi ili: "Ukakapempha annulment, ana ako asanduka apathengo." Ayi! Ayi ndithu, ndipo zimandipweteka ndikamva kholo likulankhula zimenezi misozi ili m'maso. Malamulo a mpingo a mu 1983 ali ndi ndime 1137, ndipo imanena momveka: ana obadwa mu ukwati weniweni, kapena mu ukwati umene unkaganiziridwa kuti ndi weniweni, ndi ana ovomerezeka. Ukwati woganiziridwa kukhala weniweniwo ndi uti? Ndime 1061 ikuyankha: ndi umene ngakhale mmodzi yekha mwa awiriwo anaulowa ndi mtima woona. Inu munapita kuguwa mukukhulupirira kuti mukumanga banja. Basi, zakwana. Bwalo la mpingo silikuzenga mlandu wa ana anu. Silikunena kuti simunakondane, silikunena kuti zaka zija zinali zabodza. Funso lake ndi limodzi: kodi lonjezo la tsiku lija linali lathunthu? Kodi wina anachita kukakamizidwa kapena kuopsezedwa? Kodi wina anabisa dala chinthu chachikulu kuti mnzake avomere? Kodi wina analumbira pakamwa, mumtima atakana kale ana kapena kukhulupirika? Mwana akulowa pati pamenepa? Dzina lake silisintha, ubatizo wake susintha, ndipo udindo wa bambo ndi mayi womulera sutha. Ndiye chonde, inu amene mumafalitsa mawuwa, lekani. Mukuopseza anthu amene avulala kale. Ndipo ngati munauzidwapo zimenezi, lembani mu komenti, ndikufuna ndidziwe kuti bodzali lafika patali bwanji.

Bodza lina laling'ono loyenda nalo: akuti wosudzulidwa wadulidwa mu mpingo. Kusudzulidwa pakokha sikuletsa Mkatolika kulandira Ukaristia. Vuto limabwera munthu akalowa m'banja lina nkhani ya loyamba isanaweruzidwe.

Nanga mutani? Choyamba, kaonaneni ndi wansembe kapena abusa anu musanasankhe tsiku, musanaitane anthu. Ndikubwereza: musanasankhe tsiku.

Chachiwiri, sonkhanitsani mapepala: satifiketi ya ubatizo, ya ukwati woyamba, ndi chigamulo cha chisudzulo.

Chachitatu, ndipo apa mvetsetsani, fotokozani momwe ukwati woyamba unamangidwira, chifukwa nkhani yonse ingatembenukire pamenepo. Mkatolika amene anakwatira kunja kwa mpingo popanda chilolezo, mpingo suuwerenga ukwatiwo. Umu ndi mmene anthu anafotokozera za Boris Johnson, nduna yaikulu yakale ya dziko la Britain, amene anabatizidwa Mkatolika, nasudzulana kawiri, koma anamanga ukwati ku Westminster Cathedral, tchalitchi cha Akatolika, mu 2021. Ambiri anakwiya, ndipo ndikuwamvetsa: munthu amene anatsatira malamulo pa ukwati woyamba ndi amene amayenda njira yaitali. Mbali ina ndi iyi: ngati inu simunakwatirepo koma wokondedwa wanuyo ndi wa mpingo wina ndipo banja lake linatha, Akatolika amauwerenga ukwati wakewo ngati weniweni, choncho nayenso nkhani yake iyenera kupita kubwalo.

Chachinayi, pezani mboni, anthu amene ankakudziwani nthawi ya chibwenzi. Mwamuna kapena mkazi wanu wakaleyo adzauzidwa ndipo ali ndi ufulu woyankha, koma akakana kubwera mlandu umapitirira.

Chachisanu, dekhani, koma musamvere nkhani zakale. Mu 2015 Papa Francis anafewetsa njirayi: chigamulo chimodzi chikukwana m'malo mwa ziwiri, pali njira yachidule yopita kwa episkopi ngati nonse mukugwirizana ndipo umboni ukuonekeratu, ndipo anapempha kuti pamene zingatheke milanduyi izikhala yaulere. Dziwaninso kuti bwalo lingathe kunena kuti ayi, ukwati woyamba unali weniweni. Zimachitika, ndipo muli ndi ufulu wochita apilo.

Sabata yamawa tiona momwe mungalembere mbiri ya banja lanu yopita kubwalo la mpingo, chifukwa apa mpamene ambiri amagwera ulesi. Tumizirani vidiyoyi munthu amene mukudziwa kuti wakhala akuopa chifukwa cha ana ake.