Mwana wa fragile X akagwa khunyu, supuni ibwerere kukhitchini

Moni nonse, takulandiraninso pa tchanelo chathu. Musathamangire kusintha vidiyo, chifukwa mfundo yachiwiri ya lero ikhoza kupulumutsa mano a mwana wanu, mwinanso moyo wake.

Mwachidule, fragile X ndi vuto lobadwa nalo. M'maselo a thupi muli timaulusi totchedwa kromozomu, tonyamula majini, malangizo amene timatengera kwa makolo. Pa kromozomu X pali jini yotchedwa FMR1, imene asayansi anaipeza mu 1991. Kachigawo kake kena kotchedwa CGG kakabwerezeka koposa ka 200, jiniyo imazima, ubongo n'kusowa FMRP, puloteni imene jiniyo imapangitsa. Mwana amachedwa kulankhula, sukulu imamuvuta, ena amakhalanso ndi autism, vuto lochititsa mwana kuvutika kucheza ndi kulumikizana ndi anthu. Anyamata zimawakhudza kwambiri poti ali ndi X imodzi yokha. Mwa anyamata 10 oterewa, mmodzi kapena awiri amadwala khunyu, atsikana ndi ocheperapo. Nthawi zambiri zimayamba mwana akadali wamng'ono, ndipo ambiri zimawasiya akamasinkhuka.

Choyamba: si nthawi zonse mwana amagwa pansi n'kumaphupha. Mwina angoti duu pakati pa masewera, maso tong'o, akutafuna popanda chakudya m'kamwa, tsaya limodzi likutukula, dovu likutsika. Mumuitana, sayankha. Poti ana a fragile X amakonda kale kupewa kuyang'ana munthu m'maso komanso kukupiza manja, makolo amangoti ndi khalidwe lake lija. Mujambuleni pa foni, dokotala akaone, mwina akamuyeza ndi EEG, makina oona mmene ubongo ukugwirira ntchito.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo: musamuike chilichonse m'kamwa! Supuni ayi, chala ayi, nsalu ayi. Ndikudziwa wina akuti, "Nanga akameza lilime?" Tayesani pompano pamene mwakhalapo. Kwezani lilime, mugwire kansi kwake. Mwamva kachikopa kaja? Lilime linamangiriridwa pansi pa kamwa, silingamezedwe. Silinamezedwepo. Chimene chimachitika n'chakuti mwana akagona chagada, lilime limafooka n'kutsetserekera kukhosi, dovu n'kumadzadza, ndiye mumamva kuliza mkonono koopsa kuja. Mankhwala ake ndi kumugoneka chammbali, basi. Dovu limatuluka lokha, mpweya n'kumadutsa.

Koma supuni ija? Nsagwada za munthu amene akuphupha zimaluma ndi mphamvu zonse. Dzino limathyoka, kachidutswa kake n'kulowera kunjira ya mpweya. Nkhama zimachekeka. Mukaika chala, chalacho mupita nacho kuchipatala. Chimandipweteka mtima n'chakuti amene amachita zimenezi ndi anthu omukonda mwanayo, akuyesa kuthandiza. Mayi manja akunjenjemera, akukanula pakamwa pa mwana wawo, poti ndi zimene anauzidwa. Inde, mwana akhoza kudziluma lilime, magazi n'kuoneka. Bala limenelo limapola. Dzino lachikulu likathyoka silimeranso. Madzi kapena mapiritsi musamupatsenso mpaka atatsitsimuka bwinobwino, ndipo musamupanikize pansi kuti asiye kuphupha.

Ngati mwafika pano, dinani layiki, musabusikiraibe, ndipo vidiyoyi itumizeni kwa aphunzitsi ake ndi aliyense amene amatsala naye mwanayo inu mukachoka.

Chachitatu: yang'anani nthawi. Chotsani zinthu zomuvulaza, muike chofewa kumutu, mumasule zovala pakhosi. Zikapitirira mphindi 5, kapena zikabwereza asanatsitsimuke, kapena akuvutika kupuma, kapena wagwera m'madzi, thamangirani thandizo lachipatala. Ngati n'koyamba, akaonedwebe ngakhale zitatha msanga.

Chachinayi, mankhwala. Madokotala amapereka monga valproate, carbamazepine kapena levetiracetam, ndipo ana ambiri a fragile X zimawayanja. Musamusiyitse nokha poona kuti papita miyezi asanagwe. Kusowa tulo ndi kutentha thupi zimautsa vutoli, choncho mwana azigona pa nthawi yake.

Sabata yamawa tikamba za atsikana, ndi chifukwa chake fragile X imabisala mwa iwo. Dinani kabelu kaja kuti isakupiteni.