Khasu anatipatsa, mpini unatsala ku Lilongwe

Zikomo a gulupu, mafumu onse amene mwakhala apa, a tcheyamani a komiti ya chitukuko ya dera lino ya ADC, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko. Senderani pafupi, mthunzi ulipo wokwanira tonse.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona pa maliro mwezi wathawu. Titangochoka kumanda, anthu anamuzinga khansala wathu. Wina akuti mjigo unafa kalekale, wina akuti mlatho wa pa dambo unakokoloka, mayi wina akulira kuti ambulansi sinabwere mpaka mwana wake woyembekezera anachirira pa ngolo. Khansala uja amangoti ndamva, ndamva, ndikanena. Anthu anabalalika akung'ung'udza kuti munthuyu tinamuvotera pachabe. Ine zinandikhudza, chifukwa madandaulo onsewo ndi oona, koma munthu amene timamukalipirayo m'manja mwake mulibe ndalama ya mjigo ngakhale ya mlatho. Ndiye lero ndikufuna tione bwinobwino kumene ndalama ya chitukuko imachokera, pamene imatsakamira, ndi zimene ife a kumudzi tiyenera kumenyera.

Akuluakulu mukukumbukira mawu aja oti mphamvu ku anthu. Anabwera mu 1998, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko yotsitsa mphamvu m'maboma pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Ganizo lake linali labwino kwambiri. Sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, ulangizi wa zaulimi, misewu ya m'midzi, misika ndi madzi, zonsezi ziziyendetsedwa ndi khonsolo, osati munthu wokhala ku Capital Hill amene sanapondepo kwa Chulu kapena kwa Simlemba. Makhansala oyamba tinawasankha mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi dziko lino linakhala lopanda makhansala. Mwana amene anabadwa nthawi imeneyo anafika sitandade 3 asanaonepo khansala ndi maso. N'chifukwa chake mpaka lero ambiri a ife vuto lililonse timathamangira kwa phungu, chifukwa tinazolowera kuti palibenso wina.

Pakati pa zaka zimenezo, mu 2010, lamulo lija linasinthidwa. Aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo, mawodi anachepetsedwa, ndipo bwanamkubwa anayamba kusankhidwa ndi nduna. Taganizirani bwino pamenepa. Bwanamkubwa ndiye mkulu wa ogwira ntchito onse pa khonsolo, koma amene anamulemba ntchito ali ku Lilongwe. Makhansala akamuuza china, a ku likulu n'kumuuza china, mukuganiza amvera ndani? Sindikunyoza munthu ayi, ndikunena za m'mene nyumbayi inamangidwira. Aliyense amayang'ana kumene kukuchokera mchere wake.

Tsopano ndalama. Ndondomeko ya 1998 ija inanena kuti boma lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse imene latolera, kupatula za abwenzi akunja, kuti zigwire ntchito za chitukuko. Inanenanso kuti pa ndalama zina zimene boma limatolera, monga za pa mafuta a galimoto ndi zolembetsera galimoto, gawo lina lizibwerera ku makhonsolo. Bungwe la makhonsolo onse m'dziko muno, la MALGA, lakhala likudandaula chaka ndi chaka kuti malonjezo amenewa sakukwaniritsidwa. Ndipo ngakhale zochepa zimene zalembedwa mu bajeti zimafika mochedwa, mwina miyezi ingapo, mwina zoduka. Ife a Kasungu timadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Ndalama yolembedwa m'buku la bajeti ndi fodya wa pachala. Simungathire mu ambulansi ndalama imene idakali pa pepala.

Kuchedwa kumeneku kumatipweteka ife a kumudzi kuposa a m'tauni, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Chaka cha boma cha zachuma masiku ano chimayamba pa 1 Epulo. Imeneyo ndi nthawi yabwino, mvula ikutha, nthaka ikuuma, msewu ungathe kupalidwa, njerwa zingathe kuumbidwa ndi kuwotchedwa. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala ndiyo nyengo yomanga. Koma ndalama ikafika mu Disembala, galimoto ya simenti idutsa pati? Kontalakitala amayamba ntchito m'matope, mtsinje n'kudzaza, n'kukokolola zimene wayamba. Mitengo ya zinthu nayo imakhala itakwera, moti ndalama imene ikanamanga makalasi awiri imangofika pa lenta. Makoma aja mumawaona m'masukulu mwathu ataima opanda denga, ena ndi akuba ndithu, koma ena ndi ndalama imene inafika nthawi itapita.

Ena mufunsa kuti nanga khonsolo siitolera zake? Imatolera, eya. Matikiti a mumsika, ziphaso za magolosale ndi zigayo, za m'madepoti. Koma yerekezani ndi mizinda. Lilongwe ndi Blantyre ali ndi nyumba zikuluzikulu ndi makampani amene amalipira msonkho wa malo. Ngakhale kuno kwathu, tauni ya Kasungu ili ndi khonsolo yakeyake, ndipo masitolo akuluakulu ali m'dera la khonsolo imeneyo. Khonsolo ya ife akumidzi imatsala ndi mayi wogulitsa tomato pa Chamama, mnyamata wa kaunjika pa Santhe, wa usipa pa Nkhamenya. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Kasungu lili ndi anthu opitirira 800,000. Anthu onsewo simungawamangire milatho ndi tikiti ya tomato.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ife si osauka pa zokolola. Fodya amachoka kuno, msika wa fodya wa Chinkhoma uli m'boma lathu lomwe lino. Soya, mtedza, chimanga, malole amabwera kudzanyamula m'midzi mwathu muno, n'kusiya msewu uli maenje okhaokha. Chuma chimatuluka pa msewu wathu, koma msewuwo palibe amene amaubwezera kanthu. Apa ndiye pali mfundo yoyamba yoti tiziyankhula mosaopa: gawo la ndalama zimene boma limapeza kuchokera kuno lizibwerera kuno, monga m'mene ndondomeko yake yomwe inanenera, ndipo lizifika nthawi ya chilimwe.

Palinso thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF, limene linayamba mu 2006. Ambiri timalitchula kuti ndalama za a phungu. Amayi ndi abambo, tisiye katchulidwe kameneko. Ndalama zimenezo ndi za misonkho yanu, imene mumalipira mukagula sopo, shuga kapena mayunitsi a foni. Zimadutsira ku khonsolo ndipo ziyenera kugwira ntchito zimene anthu asankha. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa thumba limeneli ndiponso kuti azivota m'khonsolo, pakuti ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza m'mene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Munthu sangakhale wogawa nyama, yemweyonso n'kukhala wofufuza ngati nyama yagawidwa bwino. Kaya akuluakulu agwirizana zotani pa nkhani imeneyi, ife chathu n'chimodzi: ntchito ya CDF ichokere pa mndandanda umene VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndi ADC analemba, osati pa msonkhano wa chipani.

Ndikafika pamenepa ndiyenera kutembenukira kwa ife eni, chifukwa walira mvula walira matope. Mphamvu ku anthu ili ndi matope ake. Njira ya chitukuko imayambira pansi pa mtengo ngati uno. Mudzi umakhala pansi, n'kusankha zofunika, VDC n'kulemba. Za ma VDC onse zimakumana ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kuchoka apo n'kupita ku khonsolo kukalowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Chimene sichinalowe m'ndondomeko imeneyo n'chovuta kuti chipatsidwe ndalama. Ndiye ndifunse, ndi angati pano amene anapitako ku msonkhano wa VDC chaka chino? Kwezani manja. Ndikuona asanu ndi awiri, pa khamu lonseli. Koma tsiku lolemba maina a makuponi a feteleza bwalo lino limachepa.

Ndikuuzeni zimene zinachitika pamene ndinali m'komiti ya chitukuko kwathu. Kunabwera munthu kudzamanga kamlatho pa kamtsinje kamene ana amawoloka popita kusukulu. Sitinamufunse kuti ndalama zake ndi zingati, matumba a simenti ndi angati, ntchito itha liti. Tinangosangalala kuti chitukuko chabwera, amayi anatunga madzi, abambo anatuta mchenga ndi miyala. Atamaliza anabweretsa pepala kuti tisayinire kuti ntchito yatha bwino, ife tinasayina. Mvula yoyamba kamlatho kanang'ambika pakati, yachiwiri kanapita. Chaka chimenecho ana a sitandade 1 ndi 2 anakhala pakhomo masabata ambiri chifukwa makolo amaopa madzi. Dzina langa linali pa pepala lija, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Kuyambira pamenepo sindisayina chinthu chimene sindinachiwerenge ndi kuchiona ndi maso anga.

Ndipo lamulo lili kumbali yathu. Kuyambira mu 2020 kukugwira ntchito lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma. Mukalemba kalata yofunsa kuti mjigo uwu unadya ndalama zingati ndipo anakumba ndani, ofesi iyenera kukuyankhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ikakana popanda chifukwa, mungathe kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Mfumu ingathe kufunsa, mayi wa mumsika angathe kufunsa, mwana wa Fomu 4 angathe kufunsa. Tizipemphanso kuti pa ntchito iliyonse pakhale chikwangwani chonena mtengo wake, ndipo pa msika uliwonse pamatidwe pepala lonena kuti mwezi uno tatolera zakuti, zagwira ntchito yakuti. Amayi a mumsika akamakana kudula tikiti sikuti ndi amwano. Atopa kulipira pa msika wopanda chimbudzi ndi wopanda madzi. Tsiku limene adzaone chimbudzi chomangidwa ndi matikiti awo, wotolera sadzalimbananso ndi munthu.

Dziwaninso kuti kufunsa kwathu kumabweretsa ndalama. Pali pulogalamu ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, imene imapereka ndalama za chitukuko ku makhonsolo a m'maboma potengera m'mene akhonzera pa kuunika kwa chaka ndi chaka. Amaona ngati mabuku a ndalama ali bwino, ngati ntchito zikumalizidwa, ngati anthu akuuzidwa zimene zikuchitika. Khonsolo ikalephera, amene ataya ndi ife.

A mfumu anandinong'oneza ndisanayambe kuti ndisaiwale za njovu, ndipo sindingaiwale. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku nkhalango yathu ya Kasungu. Abale athu okhala m'mphepete mwa nkhalango akhala akugona m'minda, akuwomba zitini usiku wonse, chimanga n'kudyedwabe, ndipo ena tinawaika m'manda. Lamulo la za nyama zakutchire silipereka chipepeso kwa munthu amene mbewu zake zawonongedwa. Nkhalango ili m'manja mwa boma lalikulu, khonsolo ilibe ulamuliro pa iyo, koma banja likagona ndi njala limagogoda kwa mfumu ndi kwa khansala. Iyi ndi nkhani imene phungu ndiye woyenera kuinyamula, chifukwa kusintha lamulo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Tikamupeza phungu tisamupemphe bokosi la maliro lokha. Timufunse kuti za chipepeso ndi za mpanda wanenapo chiyani ku Lilongwe. Koma kuti akayankhule zomveka afunika manambala ochokera kwa ife: minda ingati, maekala angati, mudzi uti, tsiku liti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nyakwawa iliyonse ikhale ndi kope lolembamo zimenezi.

Pali zina zimene sindikhalitsapo chifukwa mukuzidziwa. Alangizi a zaulimi ndi ochepa, aphunzitsi ndi anamwino akatumizidwa kuno amapempha kusamuka chifukwa kulibe nyumba, kulibe magetsi, netiweki mpaka ukwere pachulu. Khansala amayang'anira dera lalikulu ndi kanjinga kamoto, mafuta ogula yekha.

Ndiye ndikupempha izi tisanabalalike. VDC iliyonse ikhale pansi mwezi uno usanathe, isankhe zinthu zitatu zokha, osati makumi awiri, izilembe, kope limodzi lipite ku ADC, lina litsale kwa a gulupu. Tisankhenso anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, oti azikakhala nawo pa msonkhano wa khonsolo yonse ku boma, pakuti misonkhano imeneyo anthu wamba amaloledwa kukamvera. Ya thiransipoti tisonkherana, ine ndiyamba. Kalata yofunsa za mjigo umene unafa uja tilembe lero lomwe, a mfumu adinde chidindo chawo.

A sekilitale, bwerani ndi kope lanu kutsogolo kuno. Mayi aja a ku tsidya anakweza dzanja kalekale, tiyambe ndi iwo.