Mwagula tarantula, koma ndi yemweyodi?

[Pa sikirini: timabotolo titatu, kalikonse muli kamwana ka kangaude]

Tayang'anani tiana titatu iti. Kalikonse n'kochepa ngati chikhadabo, kotuwirako, timiyendo ngati ulusi. Kamodzi kadzakula n'kukhala kofatsa, koyenda mwaulesi pansi. Kena kadzafuna kukwera m'mwamba. Kachitatu kadzakhala kaliwiro loti diso silingakatsatire, ndipo kakadzakulumani mudzachezera kubuula. Koma lero lino, ngakhale munthu amene waweta akangaude zaka zambiri sangalumbire kuti aka ndi kati. Chimene mwagwira m'manja ndi dzina lolembedwa pa chivundikiro basi.

Mitundu ya tarantula, akangaude akuluakulu aubweya, imene asayansi anailemba yaposa 1,000, ndipo yambiri ikakhala yaing'ono imafanana kwambiri.

Tisafulumire kunena kuti wogulitsa aliyense ndi kathyali. Nthawi zina amene asintha dzina ndi asayansi eniake.

[Pa sikirini: akangaude awiri akuda, a mawondo ofiirira]

Awa ndi a ku Mexico. Kwa zaka zambiri ankagulitsidwa ndi dzina limodzi, Brachypelma smithi. Mu 2017, Jorge Mendoza ndi Oscar Francke ataunikanso gululi, zinadziwika kuti ambiri amene anthu ankasunga m'nyumba ndi dzinalo anali Brachypelma hamorii. Yang'anitsitsani pansagwadapa, pamene pachokera mano. Hamorii ali ndi timizere, smithi alibe. Kusiyana kwake n'kochepa chonchi, ndipo anthu anakhala zaka akuitana chiweto chawo ndi dzina la mnzake.

Chaka chomwecho Caroline Fukushima ndi Rogério Bertani anasamutsa Avicularia versicolor wa pachilumba cha Martinique, n'kukhala Caribena versicolor. Mu 2020 tarantula wina wa ubweya wopotana anachoka m'gulu la Brachypelma n'kukhala Tliltocatl albopilosus. Ndiye mukaona dzina lakale, mwina wogulitsayo wangotsalira m'mbuyo.

Koma achinyengo aliponso. Theraphosa blondi, chimphona cha m'nkhalango za ku South America, amasowa ndiponso amadula. Mbale wake, Theraphosa stirmi, amene analembedwa mu 2010, amapezeka mosavuta. Inu ganizani dzina limene munthu wofuna phindu angalembe pa bokosi. Apanso yang'anani mawondo: blondi ali ndi ubweya wautali pamenepo, stirmi ndi wa mawondo osalala.

Mwina mukuti, kangaude ndi kangaude, dzina lili ndi ntchito yanji? Dzinalo ndi limene limakuuzani kasamalidwe. Grammostola rosea wa ku Chile amafuna pouma, mukamunyowetsera dothi amakwera pagalasi kuthawa chinyezi. Theraphosa mukamuika pouma pomwepo amafooka. Wa m'mitengo amafuna bokosi lalitali, pamene wapansi wolemera thupi akagwa m'bokosi lotero mimba imatha kuphulika, n'kufa.

Chachikulu kwa ine ndi dzanja lanu. Ambiri ochokera ku America akaopsezedwa amakanda ubweya wa pamimba n'kuuwaza. Umayabwa koopsa, ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala, komabe ululu wa mano awo nthawi zambiri ndi wochepa. A ku Africa ndi ku Asia ubweya umenewu alibe. Chida chawo ndi liwiro ndi mano. Poecilotheria wa ku India ndi Sri Lanka akakulumani, minofu imatha kukokana kwa masiku. Tsono taganizirani munthu wongoyamba kumene akutsegula chivundikiro mosasamala, poti anamuuza kuti kameneka n'kofatsa.

Palinso lamulo. Brachypelma ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo Poecilotheria analowapo mu 2019. Kudutsa nawo malire a dziko kumafuna zikalata, ndipo dzina lolakwika silingakupulumutseni. Oswetsa nawonso amalira: mukakweretsa mitundu iwiri yosiyana mosadziwa, ana ake osakanizika amalowa pamsika, chisokonezo n'kumangokula.

Pogula, funsani dzina lonse la sayansi, mawu onse awiri. Mayina okometsera malonda aja aliyense amangopeka. Funsani ngati anaswedwa m'nyumba kapena anagwidwa kutchire, ndipo pemphani chithunzi cha mayi ake. Wogulitsa amene walemba "sp." pambuyo pa dzina loyamba akuvomereza kuti mtundu weniweni sakuudziwa. Ineyo ameneyo ndimamukhulupirira kuposa amene amadziwa chilichonse.

[Pa sikirini: chigoba cha kangaude chitatambasulidwa pa pepala loyera]

Umboni weniweni umabwera akafundula. Chigobacho musataye. Chinyowetseni ndi madzi a sopo pang'ono kuti chifewe, kenako tambasulani chikopa cha pamimba ndi kamtengo kosongoka, pang'onopang'ono chifukwa sichichedwa kung'ambika. M'kati muona timadontho tinayi toyera, amenewo ndi mapapo. Pakati pa tiwiri takutsogolo, wamkazi amakhala ndi kathumba kosungira umuna, ndipo kaumbidwe kake kamasiyana malinga ndi mtundu. Akatswiri amayang'ana pamenepo. Ngati kangaudeyo wakulako koma kathumba palibe, ndi wamwamuna, ndipo ngati munalipira mtengo wa wamkazi mwapusitsidwa kawiri: hamorii wamkazi amatha kupitirira zaka 20, pamene wamwamuna akafundula komaliza amangotsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

Jambulani malowo pafupi, powala bwino, mukaonetse odziwa. Kufikira atakuyankhani, chivundikiro muzitsegula pang'ono, ndipo chakudya muzimupatsa ndi kopanira kakatali, osati ndi zala.