Usanapereke ndalama za processor ija, tamva kaye

Mphwanga, uthenga wako ndaumva. Uwuwu utalikako pang'ono, ndiye upeze malo opanda phokoso, osati pa depoti ya Kasungu paja.

Processor imene akukutsatsa mnyamata wa ku Lilongwe uja, Intel Core i5-12400F, usagule. Si yoipa ayi, ndi yabwino ndithu, koma m'kompyuta yako silowa. Yako ija ili ndi Ryzen 5 2600 ya AMD, ndipo socket yake, pamalo pamene processor imakhala pa motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse za m'kompyuta), ndi AM4. Ya Intel ija imafuna LGA1700. Ngakhale kapangidwe kake nkosiyana: pa AM4 timapini tili pa processor, pomwe pa Intel tili mu socket momwemo. Kuti igwire ntchito uyenera kugulanso motherboard ina, ndiye kutchipa akunenako kuli pati?

Ine ndikuti tigule Ryzen 5 5600. AM4 inatuluka mu 2016 ndipo AMD inapitiriza nayo mpaka ma Ryzen 5000, choncho RAM yako ya DDR4 ikhala yomweyo, feni yomweyo, chifukwa ma processor onse awiri, yakale ndi yatsopanoyo, ndi a 65W, kutentha kwake nkofanana. Wina akakuuza za Ryzen 7000 umusiye, amenewo ndi a socket ina, AM5 ya 2022, ndipo amadya DDR5 yokhayokha. Ungayambe kugula chilichonse mwatsopano.

Koma kulowa mu socket sikokwanira. Motherboard iyenera kuidziwa processor, ndipo chimene chimaidziwitsa ndi BIOS, kapulogalamu kokhala mu motherboard momwemo. Ndiye chita izi lero: ika kapulogalamu kotchedwa CPU-Z, nkaulere komanso sikatha bandulo. Tsegula pamene palembedwa Mainboard, ujambule ndi foni unditumizire. Pamenepo paoneka amene anaipanga, dzina lake lonse, ndi nambala ya BIOS imene ilimo. Dzina lonse ndithu, mpaka zilembo zakumapeto, chifukwa ma motherboard a mtundu umodzi, monga a B450, alipo ambiri ndipo BIOS ya ina siilowa mwa inzake. Ine ndikayang'ana kwa opangawo mndandanda wa ma processor amene imalola.

Tsono apa ndi pamene ambiri amalira. BIOS yatsopano uiike processor yakale idakali momwemo. Ukayamba ndi kusintha processor, kompyuta iyaka, mafeni azungulira, koma sikirini ingokhala bii, ndiye uyamba kunena kuti ndakutumizira chakufa. Fayilo ya BIOS uiike pa flashi yofomatidwa kukhala FAT32. Ikayamba kulowa usakhudze chilichonse, ngakhale ioneke ngati yaima, ngakhale izime ndi kuyakanso yokha. Ndi mphindi zochepa chabe, koma magetsi akathima pakati pomwepo motherboard ikhoza osadzukanso. Magetsi a kwathuko ukuwadziwa. Bwereka inveta ya alamu ija, batire lake likhale lodzadza, ndipo kukachita mitambo ndi ziphaliwali udikire mawa. Ma motherboard ena ali ndi kabatani kumbuyo kolembedwa BIOS Flashback kotha kupulumutsa zikavuta, koma si onse, usadalire zimenezo.

Tsiku losintha, uyambe waiyatsa kanthawi kuti itenthe pang'ono, kenako uzimitse ndi kuzula chingwe kukhoma. Feni usaikoke molunjika, uipotoze pang'onopang'ono uku ndi uku, chifukwa thermal paste yakale, yopakidwa pakati pa processor ndi feni ija, ikauma imamata, processor n'kuzuka limodzi ndi feni, timapini n'kupindika. Yatsopanoyo ili ndi kachizindikiro ka ngodya zitatu pakona, ukalunjikitse ndi ka pa socket. Imangolowa yokha, ukaona ikufuna mphamvu ndiye kuti waitembenuza. Paste yatsopano udonthezere pakati, kukula ngati nandolo imodzi basi.

China, 5600 payokha siitulutsa chithunzi, ndiye graphics card ikhale momwemo, chingwe cha sikirini chilowe pa card osati pa motherboard. Ndipo ndisakunamize, ngati card yako ndi yofooka, gemu ya mpira ija sisintha kwambiri. Mu CPU-Z momwemo ujambulenso pa Graphics kuti ndione ngati ndalamayi sikuyenera kupita ku card m'malo mwake.

Zithunzizo zikafika ndigula konkuno ku Johannesburg, paste ndiikamo, nditumiza pa basi ukalandirire ku Lilongwe. Yakaleyo usagulitse mpaka yatsopano itayenda sabata yathunthu. Uwapatse moni amayi, uwauze ndiwaimbira Lamulungu.