Musasayine Fomu ya Inshuwaransi Yolembedwa Zabodza

Omvera athu, makamaka inu madalaivala a minibasi, eni magalimoto ndi akabaza a njinga zamoto, tcherani khutu kuno. Lero tikambe za chinyengo pa inshuwaransi, ndipo ndiyambira pa ngozi za pamsewu poti ndi pamene ambiri akukodwa.

Minibasi yagubuduzika pa M1, mwagonekedwa m'chipatala. Bandeji isanaume n'komwe, pakufika bambo wa tayi, chikwama kukhwapa. Amvekere, "Pepani mayi, zonse ndikuyendetserani ndine, mungondipatsa chiphaso chanu cha unzika." Mawa lake akubweranso, akuti tiwonjezerepo dzina la alamu anu pa anthu ovulala, pamene alamuwo tsikulo anali kudimba. Kapena munangosupuka pachigongono, iye akuti alipo dokotala wake amene alembe kuti mkono unathyoka. Mukanireni pomwepo. Chiphaso musamupatse, ndipo fomu yosalembedwa kanthu musasayine, ngakhale akuuzeni kuti adzalemba yekha ku ofesi.

Chifukwa chake n'chiyani? Gawo 319 la malamulo athu a Penal Code likuti wopeza ndalama kapena katundu ponamiza mnzake atha kukakhala kundende mpaka zaka 5. Kupeka lipoti la chipatala kapena la apolisi ndi mlandu wina pawokha, ndipo kulipereka ku kampani mukudziwa kuti n'labodza ndi winanso. Mukapatsa wapolisi kangachepe kuti asinthe lipoti, zimenezo ndi ziphuphu, zimakafika ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Inu amalonda, amene bizinesi ikalowa pansi mumaganiza zoyatsa sitolo kuti inshuwaransi ilipire, dziwani kuti kutentha nyumba mwadala chilango chake chimatha kufika pa kukhala kundende moyo wonse. Nanga mlonda atapsera momwemo?

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti tsiku la mlandu dobadoba uja saoneka, foni yake siipezekanso. Pafomu pali dzina lanu ndi siginecha yanu. Makampani a inshuwaransi ali ndi anthu awo ofufuza: amapita kuchipatala kukaona kaundula, amafunsa kondakitala, amawerenga mipando ya minibasi. Akapeza bodza limodzi atha kukana kulipira chilichonse, ngakhale bala lanu lenileni lija, nkhani n'kuipereka kwa apolisi a Fiscal, ofufuza milandu ya chinyengo pa ndalama.

Ndiye ngozi ikachitika chitani izi. Kanenani kupolisi, ndipo lipoti likatuluka muliwerenge, kapena wina womudalira akuwerengereni. Jambulani galimoto ndi malowo pafoni. Idziwitseni kampani yanu msangamsanga, musadikire kuti mwezi uthe. Sungani malisiti a kuchipatala ndi a kugalaja, enieni, osati oti makaniko awonjezerepo kena kake. Chitseko chimene chinaphwanyika chaka chatha musachiphatikize pa ngozi ya lero. Mukafuna loya, pitani nokha ku ofesi yake, mufunse ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito.

Pogula inshuwaransi napo samalani. Gulani ku kampani kapena kwa ejenti wovomerezeka, osati kwa munthu wapamsewu wotsitsa mtengo, chifukwa pepala lake likakhala labodza, mukagunda munthu mudzalipira za m'thumba mwanu, mlandu uli pambali.

Kampani ikakana kukulipirani inu mutanena zoona, musathamangire kwa adobadoba. Lembani dandaulo ku kampaniyo, kope lake musunge, ndipo ikapanda kukuthandizani kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions, amene amayang'anira makampani onse a inshuwaransi m'dziko muno.