Mbiya yosawotcha situngira madzi

Zikomo amfumu, akulu a mpingo, amayi ndi abambo nonse a kuno ku Lizulu. Amene muli mumthunzi sendezani mikeka kudzuwa, chisanu cha Juni chino sichiona nkhope.

Ndiyambe ndi inu amayi oumba. Mbiya mwaiumba, mwaisalaza, mwailemba ndi timizere tokongola pakhosi. Kodi mumanyamuka nayo kupita kumjigo? Ayi. Mumaisiya iume, kenako mumaiunjikira nkhuni n'kuyatsa moto. Mbiya yosawotcha mukaithira madzi imabwerera kudothi kumene inachokera. Ikapsa mumaigogoda ndi chala kuti mumve kulira kwake, ndipo ya mng'alu imadziulula yokha.

Mtumwi Petro, pa 1 Petro 1:6-7, akuti chikhulupiriro chimayesedwa ngati golide pamoto. Ambirife golide sitinamugwirepo, koma mbiya timaidziwa.

Apa mumvetsetse, chifukwa liwu loti kuyesa timalisokoneza. Yakobo 1:13 akunenetsa kuti Mulungu sakokera munthu ku zoipa. Wokola misampha ndi Satana. Pa Luka 22:31-32 Yesu anauza Petro kuti Satana wapempha kuwapeta ngati tirigu. Kodi Yesu anati ndamukaniza? Sanatero. Anati wamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisafe. Usiku womwewo Petro anamukana Ambuye katatu. Ndiye tinene kuti pemphero lija linapita pachabe? Taganizani za lichero. Chouluka ndi gaga, mphale imatsala. Chimene chinauluka mwa Petro ndi kudzitama kuja, koti ena onse angathawe koma ine ayi. Anatsala munthu wodziwa kulira, amene pambuyo pake anauzidwa kuti adyetse nkhosa.

Njala ya 2002 akuluakulu mukuikumbuka. Tinadya madeya, ena mpaka zitsa za nthochi. Ine ndinali kale mkulu wa mpingo, wotsogolera mapemphero a m'mawa, ndipo ndinkadziyesa wolimba. Tsiku lina mlongo wanga wamasiye anabwera ndi kambale. M'nyumba munali ndowa imodzi ya chimanga, nditaibisa kuchipinda. Ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti tilibe kanthu. Abale anga, njala sinandiike umbombo mumtima. Unalimo kale, njala inangougogoda. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo kusanache ndinasenza theka la chimanga chija kupita nacho kwawo. Pemphero langa loyamba lopanda chinyengo ndinalipemphera panjira imeneyo.

Koma pali chinthu chimene chimandiwawa m'midzi mwathu muno. Mnzathu akagwa m'mavuto, timathamangira kumufotokozera chifukwa chake. Mwana akamwalira, kusanade tayamba kale kuloza chala agogo ake kuti ndi mfiti. Matenda akakhalitsa pakhomo, tikuti alipo tchimo akubisa. Yobu anataya ana 10 tsiku limodzi. Anzake atatu atafika anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, ndipo pamenepo anachita bwino. Analakwa atatsegula pakamwa n'kuyamba kumusakira tchimo. Kawerengeni Yobu 42:7, muona kuti Mulungu anakwiyira Elifazi, mmodzi wa atatu aja, pamodzi ndi anzake awiriwo, amene ankaoneka ngati akuikira kumbuyo Mulunguyo. Ndipo Yobu mwini wake sanauzidwe chifukwa chimene anavutikira.

Choncho mawu oti "Mulungu akukuyesani" musamawaponye pasiwa ngati mwala. Mayi amene waika mwana dzulo safuna phunziro la mbiya. Ameneyo mutungireni madzi, muphikireni phala, khalani naye. Za moto umene wadutsamo adzanena yekha nthawi yake ikadzakwana, ngati ine lero, patatha zaka zoposa 20. Komanso musaiwale kuti maliro a mnzako amakuyesa ndi iwe wemwe, wobwera kudzapepesa.

Amayi a Chigwirizano, tiyambitsireni nyimbo. Tikatseka ndi pemphero tonse tilowera kumtunda kwa anamfedwa aja. Anyamata munyamule nkhuni zili kuseri kwa tchalitchi, ufa tasonkha uja atenge amayi awiri.