Musanatsitse Giyabokosi, Fufuzani Pamene Klatchi Yavutira

[Makaniko waima pambali pa galimoto, boneti ili yotsegula]

Moni nonse amene mukuonera. Lero nkhani ndi ya klatchi. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amafika pagalaja giya ikukana kulowa, amamuuza kuti klatchi yatha, iye n'kulipira ndalama zambiri zotsitsira giyabokosi, chonsecho chimene chinawonongeka ndi kamphira kakang'ono ka panja. Ndiye tiyeni tiphunzire kufufuza tisanagwire sipanala.

[Patebulo pali zipangizo zinayi]

Cholemerachi ndi flywheel, imazungulira limodzi ndi injini. Chokhakhala mbali zonse ziwirichi ndi clutch plate, yomwe imapereka mphamvu ku giyabokosi. Pressure plate imaipanikiza pa flywheel. Mukaponda klatchi, release bearing iyi imakankha timano ta pressure plate, mphamvu ya injini n'kuduka, inu n'kusintha giya. Pakati pa phazi lanu ndi bearing, galimoto zina zili ndi waya, koma zambiri monga Hiace ndi Hilux zimayendera mafuta odutsa mu master cylinder, kapampu ka pamwamba pa chopondera klatchi, ndi slave cylinder, kapampu ka pa giyabokosi kokankha bearing ija.

[Kamera ili m'kati mwa galimoto]

Tiyambe ndi kuterera. Mwanyamula katundu, mukukwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre. Mukuponda moto, injini ikubangula, koma galimoto sikuwonjezera liwiro, ndipo mukumva fungo la chinthu chopserera. Kuti mutsimikize, imikani pamalo a fulati pomwe kutsogolo kulibe munthu, kokani handibuleki, lowetsani giya 4, kenako tulani klatchi pang'onopang'ono. Injini ikazima, klatchi ikugwira. Ikapitiriza kulira phazi mutalichotsa, ikuterera. Yesani kamodzi kokha, chifukwa kuyesaku nakonso kumaiwotcha. Ngati galimoto ndi ya waya, onani kaye chopondera: chiyenera kutsika mofewa pafupifupi sentimita imodzi chisanayambe kulimba. Waya wokungika kwambiri amateretsa klatchi yabwinobwino.

Tsopano apa tcherani khutu, chifukwa ndi pamene anthu amatayira ndalama. Giya ikukukuta, makamaka rivesi ndi giya 1. Zimitsani injini, muyese kulowetsa. Zikalowa bwino itazima koma n'kumakana mukailiza, ndiye kuti klatchi sikulekana ndi flywheel. Musathamangire m'kati. Onani kabotolo ka mafuta a klatchi ngati katsika. Pisani dzanja pamwamba pa chopondera: pakakhala ponyowa, master cylinder ikudontha. Kenako lowani pansi, mukankhire pambali kamphira kotchinga fumbi ka slave cylinder, muone ngati m'kati muli mafuta. Yesaninso kupopa chopondera kangapo. Giya ikalowa mutapopa, vuto lili ku mafuta, mwina mwalowa mpweya kapena timphira tatha, ndipo giyabokosi musaikhudze n'komwe.

Mafuta ake ndi a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zimene zalembedwa pachitsekero. Chonde musathiremo oilo wa injini, amatupitsa timphira tonse. Pochotsa mpweya mukhale awiri: wina aponde n'kugwira, inu mumasule kabawuti ka pa slave cylinder, mutseke, iye atule. Bwerezani mpaka thovu litasiya kutuluka, uku mukuonetsetsa kuti kabotolo sikakuuma.

[Phokoso likumveka]

Kulira kobwera mukaponda, n'kusiya mukatula, kawirikawiri ndi release bearing. Komveka muli pa nyutulo phazi lili pambali, n'kusowa mukaponda, kumachokera ku bearing ya m'giyabokosi. Galimoto yonjenjemera ponyamuka, yang'anani kaye mphira zimene injini imakhalira. Zikakhala zolimba, kayikirani oilo amene wanyowetsa clutch plate kapena flywheel yopsa.

[Giyabokosi ili pansi]

Zikafika potsitsa, chotsani kaye waya wa batire, ndipo galimoto ikhale pa masitandi. Jeki yokha musaidalire, miyala kapena njerwa ayi ndithu. Sinthani zitatu nthawi imodzi: clutch plate, pressure plate ndi release bearing. Ndikudziwa kuti thumba limavuta, koma mukasiya bearing yakale mudzalipiranso ntchito yomweyi. Flywheel ikakhala ndi madontho abuluu a kupsa kapena ming'alu, ipaliseni kapena isintheni. Ya mtundu wa dual mass, ya zigawo ziwiri, yopezeka m'galimoto zambiri za dizilo zatsopano, nthawi zambiri imangosinthidwa. Kuseri kwa flywheel kuli seal ya crankshaft, mphira yotchinga oilo wa injini kuti asatuluke. Ikamadontha, isintheni pompano, apo ayi klatchi yatsopano inyowanso. Fumbi la m'menemo musauzire ndi mpweya, lipukuteni ndi kansalu konyowa, poti maklatchi ena akale ali ndi asbestos amene amawononga mapapo.

Pomanga, onani mbali ya clutch plate yoyang'ana ku flywheel, nthawi zambiri imalembedwa. Ikhazikeni pakati penipeni ndi chida chowongolera, chifukwa ikapendekeka giyabokosi sidzalowa. Mabawuti a pressure plate mangani modumphitsa, ili kenako loyang'anizana nalo, pang'onopang'ono. Girisi akhale wochepetsetsa, pa mano a shafiti ya giyabokosi pokha.

Mukatuluka pagalaja, masiku oyamba nyamukani mofatsa. Pamzere wa magalimoto ikani pa nyutulo, phazi lichoke pa chopondera, ndipo pachitunda gwirani galimoto ndi handibuleki, osati ndi theka la klatchi.